Ndikutumikira Mulungu koma sindikumumva: bata mumalipeza kuti mu Lilongwe muno?

Amake_Tada25
Abale anga, uthenga uwu ndakhala ndikulemba n'kufufuta kuyambira Lolemba, lero ndangolimba mtima. Ndimakhala ku Area 25, ntchito ndimagwira ku Old Town, ana ndili nawo atatu, wamng'ono ali ndi chaka ndi miyezi inayi. Ndimadzuka 4:30, kukoleza mbaula, kutereka madzi osamba, kuphika phala, kusita mayunifomu ngati magetsi alipo, kenako liwiro la ku siteji. Ndikangochedwa pang'ono ndiye kuti ndakumana ndi mzere wa magalimoto kuyambira ku Kanengo. Kunyumba ndimafika kutada, kuphika, kuona homuweki ya ana, kuchapa matewera. Kutchalitchi sindijomba. Lachitatu mlaga, Loweruka kwaya, Lamulungu mapemphero ndi misonkhano ya makomiti awiri, ndipo ku imodzi mlembi ndine.

Koma mumtima mwauma gwa. Usiku wa Lamulungu ndinagwada m'mbali mwa bedi, ndinangoyamba kuti "Atate wathu wa kumwamba", basi. Ndinadzidzimuka ili 2 koloko, mawondo atachita dzanzi, nkhope ili pa bulangete. Ndinalira. Ndili mtsikana kwathu ku Mitundu ndinkapemphera popita kudimba ndowa ili pamutu, ndipo Mulungu ndinkamumva ali pafupi kwambiri. Pano ndikumutumikira koma sindikumumva. Inu amene muli ndi ntchito ndi ana mumzinda uno, mumatani? Chonde musangondiuza kuti ndilimbike, ndiuzeni zimene mumachita.

Mkulu_wa_Mpingo49
Pepani mayi. Yankho lili pa Marko 1:35. Ambuye Yesu atachiritsa anthu mpaka usiku ku Kapernao, anadzuka kusanache n'kupita kwa yekha kukapemphera. Nthawi ya Mulungu simangoitola, mumachita kuilanda. Yesani kudzuka 4 koloko. Mphindi 30 zimenezo zidzakusinthani. Ine ndachita zimenezi kwa zaka zambiri.

NaBanda_Kawale
Bambo, mwawerenga bwinobwino? Munthu akudzuka kale 4:30, akugona mwina 11, pakati apo mwana akuyamwa. Mukufuna akagwe pamsewu? Inuyo mukamapemphera 4 koloko, madzi osamba amakuterekerani ndani?

Mkulu_wa_Mpingo49
Funso lanu landilasa, mayi NaBanda. Amatereka ndi mayi akunyumba. Mbali imeneyo sindinaiganize.

NaBanda_Kawale
Zikomo povomera bambo, si onse amatero. Amake Tada, ine ndiyamba ndi thupi lanulo. Mukawerenge 1 Mafumu 19. Eliya atathawa Yezebeli anakagwa pansi pa kamtengo m'chipululu, atatopa mpaka kupempha imfa. Mngelo atafika sanamudzudzule kuti bwanji sukupemphera. Anamupatsa mkate ndi madzi, Eliya anadya n'kugonanso. Anamudzutsa kachiwiri kuti adyenso. Atatero m'pamene anayenda masiku 40 kukafika ku Horebu, kumene kunadza chimphepo, chivomezi ndi moto, koma Mulungu sanali m'zimenezo, anadza ndi kamphepo kayaziyazi. Taonani ndondomeko yake: tulo, chakudya, kenako mawu. Inu munagona mutagwada, ndipo ine sindikuonapo tchimo. Mwana wanu akagona pachifuwa panu asanamalize kukuuzani za kusukulu, mumamukalipira?

Wakabaza_Mchesi
Ine za mphindi 30 ndilibe. Ndikatsitsa kasitomala, pobwerera ku siteji ndimazimitsa wailesi ya pafoni n'kumangoti Ambuye zikomo ndafika naye bwino. Tsiku lonse mwina ka 20. Madzulo ndimapezeka kuti sindinatalikirane naye.

Mlonda_Kanengo
Ndipempheko kulankhula, chifukwa ine vuto langa linali lotembenuza. Ndine mlonda, ndimalowa 6 madzulo kutuluka 6 m'mawa. Ngati chimene mukufuna ndi malo a zii, ine ndili nawo usiku uliwonse. Ikamakwana 1 koloko umangomva agalu patali ndi thiraki imodziimodzi pa M1. Koma chaka changa choyamba pa ntchitoyi ndinazindikira kuti kunja kukhoza kukhala zii m'mutu muli msika wa Tsoka. Ndikati ndipemphere, kwabwera lendi. Ndathamangitsa lendi, kwabwera wa katapila. Kenako fizi ya mwana wa Fomu 2. Ndinkalimbana nazo mpaka mutu kuwawa, n'kumadziona ngati Mkhristu wolephera.

Chinandithandiza ndinachiona kunyumba. Kwathu ku Mgona nthawi ya dzinja madzi a pachitsime amabwera ofiira. Mayi akunyumba salimbana nawo, amangoika ndowa pakona n'kuvindikira. Pofika madzulo matope onse akhala pansi, pamwamba pali mbee. Ukangoti uthandizire ndi dzanja, wawavundula. Ndiye pano ndikakhala pa kambaula kanga, makamaka mwezi wa June kukamazizira, nkhawa ikabwera sindiithamangitsa. Ndimaitchula dzina ndi pakamwa: Ambuye, lendi iyi. Ambuye, ngongole iyi. Ndikamaliza kutchula ndimangokhala. Pozungulira mpanda ndimayenda ndi vesi imodzi yokha, ya pa Masalimo 121, yoti wosunga Israele saodzera kapena kugona. Mlonda mnzanga ameneyo. Masiku ena sindimva kanthu, ena ndimamva ngati tili awiri pa geti.

Mayi, musayambe ndi kusaka ola lathunthu. Yambani ndi kuika ndowa pansi, ngakhale mphindi zisanu pamene madzi osamba akutentha.

Amake_Tada25
A mlonda, mwandiliza. Msika wa Tsoka umenewo ndi umene uli m'mutu mwanga.

Namaria_Area23
Ine ndine Mkatolika. Kolona ndimachita mu minibasi, ili m'chikwama, dzanja lili momwemo, palibe amene amadziwa. Kuchoka ku Area 23 kufika m'tauni imatha bwinobwino. Kondakitala akati ndalama kumbuyoko, ndimapereka n'kupitiriza pa mkanda umene ndinasiyira. Anthu ena amati kubwereza Tikuoneni Maria n'kutaya nthawi, koma kwa ine kubwerezako ndi kumene kumagwira maganizo kuti asabalalike, ngati mmene kuyimba kumathandizira posinja.

China, ndikapeza mpata pakati pa sabata ndimapatukira ku tchalitchi cha Maula. Kulibe Misa, kulibe kwaya, mabenchi okhaokha ndi kanyali kofiira kakuyaka kutsogolo. Sindinena zambiri, ndimangokhala. Chapafupi pomwepo pali asisitere a Poor Clares amene moyo wawo wonse ndi wa pemphero m'kati mwa mpanda. Ndikamadutsa ndimalimba mtima kuti pamene ine ndikuthamanga, pali ena mumzinda womwe uno amene akhala chete pamaso pa Mulungu m'malo mwa tonse. Tchalitchi chanu ngati chimakhala chotsekula masana, yesani kulowamo tsiku loti kulibe pulogalamu. Mudzachiona mwina.

Moto_Chinsapo
Abale, ine ndikuona kuti tikumunyengerera mayiyu. Kuuma kwa mzimu sikutha ndi kukhala duu. Kukhala chete kumeneko ndi kumene kumabweretsa tulo. Pamafunika kusala kudya ndi kupemphera mwamphamvu. Tiyeni ku phiri la Bunda Lachisanu, mukafuule pamaso pa Mulungu usiku wonse, muona ngati simutsika muli munthu wina. Batumeyo akanakhala chete akanafa wosaona.

NaBanda_Kawale
Mayi woyamwitsa asale kudya n'kukagona kuphiri? Mwanayo asiyire ndani?

Mphunzitsi_Likuni
Achimwene a ku Chinsapo, Batumeyo anafuula n'zoona. Koma Hana pa 1 Samueli 1 milomo yokha ndi imene inkagwedera, mawu osamveka, mpaka Eli anamuyesa woledzera. Onse awiri anayankhidwa.

Neba_Wotopa
Popeza mwaiyamba nkhani ya kufuula, ndinene zanga. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kachisi, sinditchula dzina. Lachisanu lililonse zimkuzamawu kuyambira 9 usiku mpaka mbandakucha, anthu m'katimo osakwana 30, koma sipika yaloza kunja. Mayi anga ndi a BP, mwana akulemba Fomu 4. Tinapita kukadandaula mwaulemu, anatiyankha kuti tikulimbana ndi ntchito ya Mulungu. Mumzinda uno bata likusowa chifukwa cha mabala okha ayi, ifenso opemphera tikulithamangitsa.

Chemwali_Biwi
Kwathunso chimodzimodzi. Mbali iyi bala, mbali iyo kachisi, Lachisanu amachita kupikisana.

Moto_Chinsapo
Za sipika yoloza kunja sindiikira kumbuyo, n'kulakwa, ndipo kwathu tinatsitsa aneba atadandaula. Koma musanyoze anthu ofuulawo. Ambiri a ife timakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi, khoma lake mnzako akatsokomola umamva. Mayi amene mwamuna wake wamuthawa akalire kuti? Pamaso pa ana? Kutchalitchi ndi kuphiri ndi kumene munthu wosauka amapeza malo otulutsira zakukhosi popanda womufunsa. Mateyu 6:6 amati lowa m'chipinda chako utseke chitseko. Ena chipindacho alibe, chitseko ndi nsalu. Ndiye ndikamati Bunda sindikutanthauza phokoso lokha. Mukafike pamwamba paja cha m'ma 3 koloko usiku anthu atatopa kuyimba, aliyense wakhala pa mwala wake, magetsi a mumzinda akuoneka patali. Bata lake silopezeka m'tauni.

Neba_Wotopa
Apo ndamva. Ndikanakonda aneba athu akanaganiza ngati inu.

Amake_Tada25
Phiri la Bunda ndakula ndikuliona, lili panjira ya kwathu. Ndinakwerako kawiri ndili pasukulu. Zimene mwanena za 3 koloko n'zoona achimwene. Koma pano sindingathe, mwina mwana akasiya kuyamwa. Ndipo ndikuopa kuti ndikhoza kutsika nditadzazidwa, Lolemba n'kubwerera m'moyo womwewu. Ndikufuna chinthu choti chikhale m'kati mwa Lolemba.

Dalaivala_Area36
Ine m'bindikiro wanga weniweni ndinauchitira pa mzere wa mafuta. Nthawi ija mafuta anavuta ndinagona m'galimoto pa filling station masiku awiri. Tsiku loyamba ndinangokhalira kutukwana mumtima ndi kuona mameseji oti thanki yafika kuti. Foni itatha moto ndinapeza Chipangano Chatsopano chaching'ono m'kabati ya kutsogolo, ndinawerenga Marko yense ndi kuwala kwa sitolo ya pafupi. Machaputala 16 okha. Chibadwire ndinali ndisanawerengepo buku la m'Baibulo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Chemwali_Biwi
Musatikumbutse za mafuta. Minibasi zinakwera nthawi imeneyo mpaka lero sizinatsike.

Wakabaza_Mchesi
Ifenso mumatinena kuti tikudula, koma lita tikugula bwanji? Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chinapenga, tayala, oyilo, ngakhale chigamba.

Geni_Lizulu
Ndipo nkhani yake ndi imeneyo. Anthu sakuthamanga chifukwa chokonda. Malipiro amodzi sakukwana, aliyense ali ndi kageni kapambali, wina kaunjika, wina mandasi, wina nkhuku. Ine ndimaoda tomato 4 koloko m'mawa. Ukachedwa wapeza zotsala. Ndiye wina azindiuza za kukhala chete? Bata ndi la anthu a ku Area 10 ndi 43 amene ali ndi antchito ndi kapinga.

Admin_Gulu
Abale, za mitengo ya zinthu tili ndi tsiku lake. Tibwerere kwa amake Tada. Koma mfundo ya a Geni_Lizulu yomalizayo ndi ya nkhani yomweyi, tiyeni tiiyankhe.

Shopu_Malangalanga
Ndine Msilamu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndiyankhe a Geni. Inenso ndi wa geni, ndimagulitsa zitsulo za njinga. Ife tili ndi swala zisanu pa tsiku: Fajr kusanache, Zuhr masana, Asr chakumadzulo, Maghrib dzuwa likangolowa, ndi Isha usiku. Chinsinsi chake n'choti nthawi inaikidwa kale, siidikira kuti ntchito ithe, chifukwa ntchito siitha. Azana yoitanira anthu ku swala ikamveka ndimauza mnyamata kuti ayang'ane shopu, kapena ndimakoka chitseko. Iliyonse ndi mphindi zochepa chabe. Ndipo tisanaswali timasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi. Madzi ozizira aja akakhudza nkhope, mkangano umene unali nawo ndi kasitomala umayamba kuzirala usanayambe n'komwe kupemphera. Kasitomala wina amapita, inde. Koma zaka zonsezi sindinagone ndi njala chifukwa cha swala. Mayi, sindikukuphunzitsani chipembedzo chanu, koma mwina muike nthawi ziwiri kapena zitatu zazifupi zosasuntha, kusiyana ndi imodzi yaitali ya usiku pamene thupi latha kale.

Mkulu_wa_Mpingo49
Zikomo bambo. Danieli nayenso ankagwada katatu pa tsiku, pamene anali nduna yaikulu ya mfumu, wotanganidwa kuposa tonsefe. Zili pa Danieli 6:10.

Geni_Lizulu
Chabwino, zazifupi ndingayese. Za ola lathunthu ayi.

Kalaliki_CapitalHill
Kwa amene mumagwira ntchito cha ku City Centre, ku Botanic Gardens nthawi ya nkhomaliro mumapeza anthu pansi pa mitengo, wina wagwada, wina akungoyenda pang'onopang'ono ndi Baibulo. Ine ndimapitako Lachiwiri ndi Lachinayi. Poyamba ndinkalowa m'magulu a mapemphero a masana, koma ndinaona kuti ndikungochoka ku msonkhano wa ku ofesi kulowa msonkhano wina. Pano ndimakhala ndekha pa mtengo wanga umodzi, foni ndimasiya m'dirowa ya ku ofesi. Kwa inu a ku Old Town n'kutali, koma mfundo ndi ya foniyo.

Mnyamata_wa_Poly
Foni imeneyo tiikambe moona. Ine ndinkati ndilibe nthawi, tsiku lina ndinayang'ana pamene foni imaonetsa maola amene wagwiritsa ntchito, ndinachita manyazi. TikTok yokha inkandidyera usiku. Baibulo ndinali nalo pafoni pomwepo, koma ukatsegula vesi, meseji ya WhatsApp yalowa, wapita. Ndinagula la pepala. Sindikunena kuti amake Tada ndi otero, koma ambirife bandulo ya usiku ndi imene inatenga malo a pemphero la usiku.

Amake_Tada25
Sindikana mwana wanga. Mu minibasi ndimakhala pa magulu a WhatsApp, asanu mwa iwo ndi a kutchalitchi komwe.

Sabata_Area36
Ife a Seventh-day Adventist dzuwa likalowa Lachisanu timatseka zonse mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka. Sindikuyambitsa mkangano wa tsiku, chonde. Ndingoti, Mulungu anadziwa kuti munthu payekha sangaime, n'chifukwa chake kupuma anakuika m'malamulo khumi, ndipo anatchulamo ana, antchito ngakhale ziweto. Koma ndivomere kuti ngakhale ife Sabata limatha kudzaza ndi mapulogalamu mpaka kubwerera kunyumba uli wotopa kuposa Lachitatu.

NaBanda_Kawale
Ndakhala ndikudikira kuti wina afunse, palibe akufunsa. Abambo a Tada ali kuti pa zonsezi?

Amake_Tada25
Alipo, ndi munthu wabwino, samwa, amapemphera. Akaweruka amafika kunyumba ine ndisanafike. Koma anakula kuti za kukhitchini ndi za ana ndi za amayi. Sindinawapemphepo, ndimaona ngati ndi udindo wanga.

Bambo_wa_Mapasa
Mayi, apempheni. Ndikunena ngati mwamuna amene anali chimodzimodzi. Ine ndinkatsogolera mapemphero a pabanja madzulo, n'kumadabwa kuti mkazi wanga akuodzera pa Baibulo, mpaka tsiku lina ndinamudzudzula pamaso pa ana. Anangondiyankha kuti, bambo, chidzukireni sindinakhale pansi. Mawu amenewo anandisowetsa tulo. Pano ndikafika ndimasambitsa mapasa ndi kuona homuweki, iye amalowa kuchipinda mphindi 20, chitseko chotseka, ana amadziwa kuti sagogoda. Kaya akupemphera, kaya wangogona chagada, sindifunsa. Anzanga ena amandiseka kuti ndinadyetsedwa. Koma ngati ndine mutu wa banja, moyo wauzimu wa mkazi wanga ndi nkhani yanga. Mutu umodzi susenza denga.

Chemwali_Biwi
Uthenga uwu ukanawerengedwa ku misonkhano ya abambo m'mipingo yonse.

Geni_Lizulu
Ine nkhani ya Marita ndi Mariya imandipweteka. Marita akuvutika ndi mapoto, mnzake wangokhala, woyamikiridwa n'kukhala wokhalayo. Alendowo akanadya chiyani?

Mphunzitsi_Likuni
Inenso inkandivuta, mayi. Koma werengani bwino Luka 10:38-42. Yesu sananene kuti kuphika n'kulakwa. Anamutchula dzina kawiri, Marita, Marita, monga timachitira ndi munthu amene timamukonda, ndipo chimene anatchula ndi nkhawa ndi kuvutika ndi zinthu zambiri. Mlendo anali m'nyumba, koma Marita anatanganidwa ndi zomukonzera mpaka mlendoyo osamuonanso. Kodi si zimene amake Tada anena, kuti ndikumutumikira koma sindikumumva? Ndipo Marita yemweyo pa Yohane 11 ndi amene anathamanga kukamuchingamira Yesu pa maliro a Lazaro, nanena poyera kuti Inu ndinu Khristu. Sanatayidwe.

Pali nkhani ina imene ndimaikonda. Susanna Wesley wa ku England, mayi wake wa John Wesley amene anayambitsa mpingo wa Methodist, anabereka ana 19, ngakhale ambiri anamwalira ali aang'ono. Zimanenedwa kuti akafuna kupemphera m'nyumba yodzaza ana, ankakhala pampando n'kudzifunditsa epuloni kumutu, ndipo ana ankadziwa kuti amayi ali ndi Mulungu, sasokonezedwa. Achimwene a ku Chinsapo anati ena chitseko alibe. Chitenje tili nacho tonse.

Namwino_Usiku
Ndawerenga zonse ndili pa shifiti. Amake Tada, ndiwonjezere mbali ya chipatala. Mayi amene ali ndi mwana wamng'ono, wotopa nthawi zonse, wolira pafupipafupi, amene zinthu zimene ankazikonda sizikumukomanso, nthawi zina vuto limakhala kuchepa kwa magazi, nthawi zina matenda a nkhawa amene amagwira amayi akabereka. Si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo thandizo lake lilipo. Mukapita kusikelo ya mwana mukapemphe akuyezeni magazi, ndipo muwauze mmene mukumvera osabisa. Pempherani ndithu, koma kayezetseninso.

Ine pa ntchito yanga bata ndimalipeza posamba m'manja. Timasamba kosawerengeka usiku umodzi. Ndikatsegula mpopi ndimatchula wodwala amene ndikuchoka kwa iye, ndikatseka ndimatchula amene ndikupitako.

Gogo_NaPhiri
Akundilembera ndi mdzukulu wanga, ine maso anafooka. Mwana wanga amake Tada, ndili ndi zaka 74, ndakhala mu Chigwirizano cha amayi kuyambira ndili mayi wa ana awiri. Ndikuuze zoona. Makomiti awiri, kwaya, mlaga, ntchito, ana atatu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mpingo sudzakuuza kuti wachulutsa, chifukwa munthu wosakana ndi amene amapatsidwa zonse. Tula umodzi. Ukaone abusa kapena amayi abusa, unene kuti kwa chaka chino ulembi ndautula. Adzadandaula sabata ziwiri, kenako adzapeza wina.

Chachiwiri, usaope kuuma. Amuna anga atamwalira ndinakhala pafupifupi chaka ndikupemphera ngati ndikulankhula ndi khoma. Ndinkangotsegula buku la nyimbo m'mawa n'kuyimba ndime imodzi ndikusesa pabwalo, mtima osamva chilichonse. Sindinasiye. Tsiku lina ndikusesa chomwecho pansi pa mtengo wa mango, ndinangozindikira kuti ndikuyimba ndi mtima wonse, misozi ili mbwembwembwe, ndipo sindidziwa kuti zinabwerera liti. Mwezi wa October munda umaoneka ngati unafa, koma mlimi amagalauza ndithu mvula asanaione. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga.

Moto_Chinsapo
Agogo, apa ndilibe mawu. Mutipempherere ifenso achinyamata.

Mkulu_wa_Mpingo49
Agogo anena zimene ife akulu a mpingo timaopa kunena. Ndikayang'ana ndandanda ya pa mpingo pathu, mayina ndi omweomwewo m'makomiti onse, ndipo ambiri ndi amayi a ana aang'ono. Timawayamikira pa guwa kuti ndi odzipereka, osafunsa ngati akupeza mpata wokhala pansi ndi Ambuye wawo. Yesu pa Marko 6:31 anaona kuti ophunzira akusowa ngakhale nthawi yodyera, nawauza kuti apite padera akapumule. Ndikaitula nkhaniyi ku bwalo la akulu.

Amake_Tada25
Abale, ndabweranso patha sabata ziwiri, ndinati ndisangosowa. Ulembi ndinautula. Zinandivuta, ndinayenda ndi kalata m'chikwama masiku anayi, koma amayi abusa anangondigwira dzanja n'kunena kuti bwanji sunanene kale. Kusikelo ndinapita, magazi anapezekadi ochepa, andipatsa mapiritsi. A Namwino zikomo. Abambo a Tada ndinawawerengera uthenga wa Bambo_wa_Mapasa. Anakhala chete nthawi yaitali, sanayankhe. Mawa lake ndinapeza ana awiri atasamba kale. Si masiku onse, koma zayamba.

Za chitenje ndinayesa. M'mawa ndikatereka madzi ndimakhala pa kampando pafupi ndi mbaula, n'kudzifunditsa kumutu mpaka madzi atayamba kulira. Ndimatchula nkhawa zanga mmodzimmodzi ngati a mlonda, kenako ndimakhala. Sindinama kuti ndamva zazikulu. Masiku ambiri ndimangomva makala akuthetheka ndi atambala a kwa aneba. Lachiwiri Tada anadzuka msanga, anabwera n'kusuzumira m'chitenjemo, akuti amayi mukutani. Ndinati ndikukhala ndi Mulungu. Analowa momwemo n'kutsamira pa ine, tinakhala awiri osalankhula mpaka madzi anawira. Mu minibasi magulu a WhatsApp ndimatsegula ndikadutsa pa Area 18, osati ndisanafike.

Chikundivutabe ndi madzulo, ndikangokhala pansi tulo. Ndipo Tada wayamba chifuwa chiyambire dzulo, usiku wathawu sitinagone.

NaBanda_Kawale
Madzulo gonani mayi, mwapemphera kale m'mawa. Tada mupite naye kuchipatala chikapitirira, kuzizira kwayamba.

Geni_Lizulu
Ine ndayamba zanga ndikamadikira galimoto ya tomato. Mphindi zitatu mwina. Chitenje ndimafunda kale chifukwa cha mphepo, ndiye palibe amandifunsa.

Mlonda_Kanengo
Ndanyamuka abale, nthawi ya ntchito yakwana ndipo njinga yanga ilibe nyali. Amake Tada, 2 koloko ndikamazungulira mpanda ndikutchulani, inu ndi Tada. Mawa mutiuze ngati wagona bwino.